Mzere Wakumbuyo

"Ndakufunsani funso limodzi lokha, bambo a Kadona. Dzina la mwana wanga lilipo pa mndandanda wa olemba mayeso, kapena palibe?"

Aphunzitsi anali pampando wa pabalaza akupukuta nsapato, ndipo anapitiriza kuipukuta ngati funsolo lafunsidwa kwa aneba. Akazi awo, amene aliyense ankangowatchula kuti Atelala, anaima pakhomo la kachipinda kosokeramo, tepi ili m'khosi, sizasi ili m'manja.

"Palibe," anayankha pomaliza. "Ndipo silidzakhalapo. Abwereze kalasi."

"Abwerezenso? Chaka chatha munanena zomwezi, ine n'kukhala chete ngati chitsiru. Mwanayu ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anzake amene anayamba nawo ali ku sekondale. Mukufuna amere imvi ali pa benchi ya pulayimale?"

"Mayi, za ulusi ndi zanu, za sukulu ndi zanga. Kodi ine ndinabwerapo kudzakuuzani kasokedwe ka kolala?"

"Kolala ndikailakwitsa ndimamasula ulusi n'kuyambiranso. Sinditaya malaya a mwini kudzala."

"Ndiye kasokeni mutu wa mwana wanuyo, mwina zimene timathiramo zingasiye kutayika."

Atelala anaika sizasi patebulo, chifukwa mtima wawo ankaudziwa.

Amuna awowa anali mphunzitsi wotchuka, zimenezo palibe akanatsutsa. Kwa zaka zisanu ndi zinayi zotsatizana, mwana aliyense wa m'kalasi yawo yomaliza ya pulayimale amene analemba mayeso a boma anakhoza. Masatifiketi atatu anali lende pakhoma la pabalaza, ndipo mlendo asanapatsidwe madzi akumwa ankayamba waonetsedwa amenewo. Koma ana a sukulu, amene saopa kutchula chinthu ndi dzina lake, ankawatcha Alichero, chifukwa ntchito yawo yeniyeni inali kupeta. Kalasi ankaigawa mizere itatu. Wakutsogolo ankautcha ubongo, wapakati tiona, wakumbuyo mankhusu. Nthawi ya masamu ikakwana, mankhusu ankatumidwa kukasesa bwalo kapena kukathirira dimba la sukulu kuti asasokoneze anzawo. Ndipo ikafika nthawi yolembetsa mayeso, mayina a mzere wakumbuyo ankangosowa pa mndandanda. Nzeru yake inali yaing'ono, koma inkagwira ntchito: mwana amene sanalembe mayeso sangalephere.

Atelala zonsezi ankazidziwa kalekale, ndipo kunena zoona sizinkawalanda tulo pamene mankhusuwo anali ana a eni. Tsopano lichero linali litafika m'nyumba mwawo.

"Mndandandawo mutumiza liti ku ofesi ya maphunziro?" anafunsa.

"Pakatha masabata atatu. Ukapita sutsegulidwanso, ndiye musadzivute."

"Ndi mwana wanu ameneyu. Magazi anu."

"N'chifukwa chake sindingamuike. Anthu adzati chiyani? Alichero amapeta ana athu, wawo n'kumubisa pansi pa lichero? Akakalephera, mbiri ya zaka zisanu ndi zinayi ithere pa mwana wa m'nyumba mwanga momwe? Ayi, mayi. Ine ndine munthu wachilungamo."

"Chilungamo chake ndi chimenecho? Kudula ana onse mofanana?"

Kukhitchini makapu anali atasiya kulira. Kadona, amene ankatsuka ziwiya kumeneko, anali atamva zonse, ndipo onse awiri anadziwa kuti wamva. Aphunzitsi anavala nsapato zawo zonyezimira n'kutuluka osatsazika.

Sabata yonse nyumbayo inali ngati ya anthu ogona pa lendi osadziwana. Atelala ankaika tiyi patebulo osanena kuti wapsa. Aphunzitsi ankamwa osanena zikomo. Malaya awo oyera, amene kale ankawapeza atasitidwa m'mawa uliwonse, tsopano ankawapeza pachingwe pomwe anayanikidwa. Kadona ankapita kusukulu, n'kubwerako manja ali matope a kudimba, n'kukakhala pambali pa makina a amayi ake osalankhula.

Lachiwiri la sabata yachiwiri, masana, Atelala anaona mzimayi akudutsa msewu atanyamula siketi m'manja, akuwakwezera dzanja. Anali mphunzitsi wa kalasi yachitatu pa sukulu yomweyo, wamfupi, wa nsapato zotha chidendene, amene ana ankamutcha Mayi Pang'onopang'ono chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pake.

"Iwe, sukuwaona aphunzitsi ako akale akukupatsa moni?" Atelala anakalipira mwanayo. "Mwano umenewu wauyamba liti?"

Kadona anatsinzinira ngati walowedwa utsi m'maso. "Ndani, amayi?"

Mlendoyo anali atafika kale pakhonde pamene mtsikanayo anadzuka n'kugwada. Mayi Pang'onopang'ono anapereka siketi yawo yofuna zipi, koma maso awo sanachoke pa Kadona. Anamuona akutenga singano ya makina n'kulowetsa ulusi kamodzi kokha, osaphonya.

"Mwanawe, taima pakhomopo. Tandiwerengera mawu akuluakulu ali pa kalendala ija."

Kalendalayo inali pakhoma la mkati, masitepe asanu ndi limodzi kuchokera pakhomo. Kadona anatsinzinira, anapendeketsa mutu, kenako anayang'ana pansi.

"Sendera pang'onopang'ono. Ukayamba kuona uime."

Anasendera mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda khoma. Apo ndiye anawerenga zonse, mpaka timawu tating'ono ta pansi tonena za amene anasindikiza kalendalayo, osakakamira paliponse.

"Bweretsa makope ako."

Atelala anaimitsa makina. Mayi Pang'onopang'ono anatsegula kope la masamu n'kuyendetsa chala pamzere uliwonse.

"Taonani apa, mayi. Njira yonse waitsata bwino, palibe pamene walakwa. Koma funso lenilenilo analikopera molakwika. Apa payenera kukhala eyiti, iye walemba firii. Apanso chimodzimodzi. Mwanawe, pa bolodi umaona chiyani?"

"Sindiona kanthu, aphunzitsi. Ndimakopera kwa mnzanga wa pambali. Iyenso amakopera kwa wa kutsogolo kwake."

"Bwanji sunanene?" Atelala anafunsa.

"Ndinanenapo kamodzi chaka chatha. Ndinapempha kuti ndikhale kutsogolo. Abambo anati mankhusu sasankha pogwera. Kalasi yonse inaseka."

Atelala anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Mwana ameneyu ankagona naye nyumba imodzi, ankamuluka tsitsi Loweruka lililonse, ndipo kangapo konse anamukalipira kuti ndi wamwano chifukwa chosapereka moni kwa anthu odutsa pamsewu.

"Musadzizunze," anatero mphunzitsiyo akutseka kope. "M'kalasi mwanga ankakhala pansi pafupi ndi bolodi, n'chifukwa chake nanenso sindinazindikire. Mupite naye kuchipatala akamuyeze maso, magalasi amuthandiza. Koma ndikuuzeni, mzere wakumbuyo uja uli ndi ana makumi atatu ndi kuposa. Ambiri anadutsa m'manja mwanga. Wina samva bwino khutu limodzi. Wina amachita chibwibwi akaopsezedwa, koma mukamupatsa nthawi amayankha. Ena ndi ochedwadi kumva, inde alipo, koma wochedwa ndi amene amafuna mphunzitsi kwambiri. Wanzeru uja ngakhale mutamutsekera m'chipinda ndi buku, akhoza yekha."

"Nanga inu mumatani?"

"Ine ndilibe satifiketi pakhoma, mayi. Ndimangoyendayenda m'kalasi mpaka nsapato kutha. Mwana akalakwa ndimamufunsa njira imene wadzera kuti afike pa yankho lolakwikalo. Akandionetsa, ndimadziwa pamene wakhotera. Basi. Koma musakanene kuti ndanena ndine, amuna anu ndi ahedi amadyera mbale imodzi."

Madzulo amenewo, dzuwa lisanalowe, Atelala anawadikirira amuna awo pakhomo penipeni. Anawauza zonse, za kalendala, za eyiti ndi firii. Ankaganiza kuti munthuyo akhala pansi n'kugwira mutu. Ankadzinamiza.

"Wakuuzani zimenezi ndani? Ndi mzimayi wa nsapato zokhota uja eti? Munthu woimbitsa ana nyimbo tsiku lonse ndiye akandiphunzitse ine ntchito?"

"Zilibe kanthu kuti wanena ndani. Mwana wanu saona patali."

"Mwana aliyense waulesi ali ndi matenda ake. Wina mutu, wina m'mimba, uyu wasankha maso. Zaka makumi awiri ndili m'kalasi, mabodza a ana ndimawadziwa onse."

"Zaka makumi awiri, ndipo mwana wanu yemwe simunamuyang'anepo kumaso. Tamuitanani mumuyese nokha. Kalendala ndi iyo."

"Sindiyesa mwana ndi kalendala ngati wamisala. Mayeso anga ndinamupatsa, analephera, nkhani yatha."

"Mayeso olembedwa pa bolodi limene saliona!"

"Iwe mkazi, usandikwezere mawu!" Aka kanali koyamba m'zaka zambiri kuwatchula kuti iwe. "Nyumba ukukhalamoyi ndi ya sukulu. Anandipatsa chifukwa cha mbiri yanga, osati chifukwa cha zigamba zako. Lachisanu la sabata yamawa kuli msonkhano wa makolo, akukandithokoza pamaso pa anthu. Ukakangotsegula pakamwa kumeneko, makina akowo ukawapeza pamsewu."

"Ndiye muyambiretu kuwanyamula, chifukwa ndi olemera."

M'mawa mwake Atelala anatseka kachipinda kawo n'kupita ndi Kadona kuchipatala. Anakhala pamzere mpaka masana. Woyeza maso anapukusa mutu n'kufunsa kuti mwanayu amaphunzira bwanji chonchi, kenako anati magalasi adzawatenge pakatha mwezi. Atelala anabwera ndi kapepala ka kuchipatala n'kukaika pambali pa kapu ya amuna awo. Aphunzitsi anakayang'ana, n'kuikapo kapu yonyowa pamwamba pake.

Tsiku la msonkhano linafika kutatsala masiku atatu kuti mndandanda upite. Msonkhanowo unachitikira m'kalasi mwa Alichero momwe, masana dzuwa litapendeka. Chinthu choseketsa n'chakuti makolo anakhala ngati mmene amakhalira ana awo, popanda wowauza. Makolo a ubongo anadzaza kutsogolo atavala zakutchalitchi. Makolo a mankhusu anaunjikana kumbuyo, mitu ili pansi ngati olakwa ndi iwo. Atelala anali ndi mpando wawo kutsogolo monga akazi a aphunzitsi, koma anaudutsa n'kukakhala pa benchi yomaliza, pakona pamene pamakhala Kadona. Pa desikipo panali timizere tambirimbiri tokanda ndi pini.

Anakweza maso kuyang'ana kutsogolo, ndipo anadabwa. Iwo maso awo anali abwinobwino, oona bowo la singano ndi nkhope ya munthu ali kutsidya kwa msewu. Koma bolodi lija, kuchokera pakonapo, linkangooneka mbuu. Utoto wake unali utasuluka pakati, ndipo dzuwa lolowera pa zenera lakumadzulo linkagunda pomwepo n'kuthwanima. Alichero anali atalembapo zotsatira za zaka zonse ndi timalemba tawo tating'ono tokongola tija, ndipo palibe ngakhale nambala imodzi imene inkafika kumbuyoko.

Ahedi, bambo wonenepa wokonda kupukuta thukuta, analankhula nthawi yaitali. Anati sukuluyi ili ndi mwayi. Anati mphunzitsi wabwino amaoneka ndi zipatso zake, ndipo zipatsozo ndi izo zili pa bolodi. Akutsogolo anaomba m'manja. Alichero anaimirira, akukonza tayi.

"Ndili ndi funso, ahedi."

Mitu yonse inatembenuka. Ahedi anamwetulira atawazindikira. "Aa, ndi amayi a kunyumba. Mukufuna kuwonjezera mawu othokoza?"

"Ndikufuna aphunzitsiwo abwere kuno akhale pamene ndakhala inepa, atiwerengere zipatsozo. Ife kuno sitikuziona."

"Mayi, khalani pansi," anatero Alichero, mano ali chilumire. "Za kunyumba tikakamba kunyumba."

"Si za kunyumba izi, ndi za m'kalasi muno. Mwaphunzitsa m'chipinda chino zaka zisanu ndi zinayi. Munayamba mwakhalapo pa benchi ino ngakhale kamodzi?"

"Pitani mukawerenge, aphunzitsi, muwachititse manyazi," anatero bambo wina wa kutsogolo, wofuna kuwathandiza.

Panalibenso pothawira. Alichero anayenda pakati pa mabenchi, nsapato zikulira, n'kukhala pakonapo mawondo atagunda desiki. Anayang'ana bolodi. Anapendeketsa mutu. Anaika dzanja pachipumi kutchinga kuwala. Kenako anayamba kutchula manambala mofulumira, maso ali kudenga.

"Ayi, zimenezo mukunena za pamtima," anatero Atelala. "Ahedi, talembani nambala iliyonse pakati pa bolodipo."

Ahedi anazengereza, koma anthu anali atayamba kung'ung'udza. Anatenga choko n'kulemba. Alichero anatsinzinira, ndipo Atelala anamva chisoni chosakanikirana ndi ukali, chifukwa katsinzinidwe kake kanali ka Kadona kenikeni.

"Sikisite firii," anatero aphunzitsi.

"Ndi eyite eyiti!" anafuula a kutsogolo onse pamodzi, ngati ana a sukulu.

Wina anaseka, koma kusekako sikunapite patali. Bambo wina wa kumbuyo, kalipentala wa utuchi m'tsitsi, anaimirira.

"Ndiye mwana wanga ndakhala ndikumumenya chaka chonse chifukwa cha bolodi? Munandiuza kuti ndi mbuli, ine n'kukhulupirira, n'kumamuuzanso kunyumba!"

"Wanga amabwera ndi matuza m'manja tsiku lililonse," anatero mzimayi wina. "Ndinamutumiza kudzaphunzira kapena kudzalima?"

"Bolodi si mlandu wanga," anatero Alichero ataimirira. "Limenelo ndi la ofesi. Ine ntchito yanga ndi kukhozetsa ana, ndipo ndimakhozetsa!"

"Ana angati?" anafunsa Atelala. "Ahedi, tsegulani kaundula. Chaka chino chikuyamba m'kalasi muno munali ana angati? Nanga pa mndandanda wa mayeso pali angati?"

Ahedi anapukuta thukuta. Ananena kuti zimenezo ndi zinsinsi za ofesi. Kalipentala uja anayenda n'kukaima pafupi ndi tebulo, manja ali m'chiuno. Kaundula anatseguka. Ana anali sikisite eyiti. Pa mndandanda panali twente naini.

Phokoso limene linabuka pamenepo linamveka mpaka kumsewu. Makolo a kutsogolo ankati musatiwonongere mphunzitsi, ana athu akukhoza. Akumbuyo ankati mphunzitsi wake uti, wophunzitsa theka la kalasi? Mzimayi wina anavula nsapato. Ahedi, amene dzulo lake ankagawana ulemu ndi Alichero, anatembenuka ngati chitseko. Anati iwo sankadziwa kuti zafika pamenepa, ndipo mwana aliyense amene kholo lake likufuna alembetsedwa mayeso mndandanda usanapite. Atelala anasuzumira pa zenera n'kuona Mayi Pang'onopang'ono akudutsa panja ndi mulu wa makope, osayang'ana kumbali.

Makina osokera sanapezeke pamsewu. Koma Loweruka lonse aphunzitsi sanatuluke m'chipinda, ndipo Lamulungu sanapite kutchalitchi. Lolemba masana anabwera ndi fomu m'manja. Anapeza Atelala akusoka, Kadona atakhala pambali akudula timaulusi pa malaya.

"Mwasangalala tsopano?" anatero, ataima pakhomo. "Ana akundiseka panjira. Ahedi sakundiyang'ana kumaso. Mwandivula pagulu, mayi, mkazi wanga yemwe. Chaka chino theka la kalasi likalephera, mudzayende mukunyada."

"Akalephera adzakhala atalephera mayeso, osati kutayidwa asanayese. Mwatsala ndi miyezi inayi. Aphunzitseni."

"Miyezi inayi! Mukuyesa ndi kusoka siketi?" Anaponya fomuyo pa makina. "Iwe, saina apa. Dzina lako ndaliika. Mawa ukakhale mzere wakutsogolo, usadzanenenso kuti bambo ako anakupondereza."

Kadona anatenga fomu n'kuiyandikitsa kumaso. Anaiwerenga yonse, mbali zonse ziwiri, osafulumira.

"Nanga anzanga a kumbuyo akhala pati?" anafunsa mtsikanayo.

"Zimenezo sizikukukhudza."

"Nthawi ya masamu azipitabe kudimba?"

"Ndati saina!"

Anasaina. Analemba dzina lake bwinobwino, n'kuimirira, n'kupereka fomuyo ndi manja awiri monga anaphunzitsidwira. Kenako anawayang'ana bambo ake kumaso ali pafupi, pamene ankatha kuwaona bwino.

"Mayeso ndilemba, ababa," anatero. "Koma mundipezere mphunzitsi."

Aphunzitsi anayang'ana akazi awo ngati akupempha kuti amukalipire mwanayo chifukwa cha mwano. Atelala anaweramira pa makina n'kupitiriza kusoka.